Kodi Mulungu anadzichotsera ulemu pamene sanachiritse amayi anga?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba. Anandilola kuti ndimuyankhe poyera, bola ndisatchule dzina lake. Kalatayo inali yaitali, koma mtima wake ndi uwu:

"Amayi anga anadwala khansa kwa miyezi 8. Ine ndinkachezera pambali pa bedi lawo, achimwene anga aakulu ndiwo ankagula mankhwala. Tinapemphera, tinasala kudya, a mpingo ankabwera kudzawaona. Koma achimwenewo sakhulupirira Mulungu, anasiya kalekale zopita kutchalitchi. Tsiku lina tili pakhonde la wodi ndinawauza molimba mtima kuti, 'Achimwene, muona. Mulungu awachiritsa amayi, ndipo inu mugwada.' Amayi anamwalira. Mayi wina amene anagona bedi loyandikana nawo, yemwe ankatiseka tikamapemphera, anachira n'kutuluka akuyenda yekha. Patapita masiku achimwene anandifunsa chapansipansi kuti, 'Mulungu wako uja ali kuti?' Ndinasowa chonena. Kodi Mulungu sasamala za mbiri yake? Unali mpata woti adzionetse kwa munthu wosakhulupirira, anautayiranji? Nanga bwanji chifundo chake chikuoneka kuti chimapita kwa anthu amene samufuna n'komwe?"

Mayi, choyamba pepani chifukwa cha imfa ya mayi anu. Imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kulemba. Palibe mawu anga amene angabweze liwu lawo m'nyumba mwanu, koma mwafunsa funso loona, ndiye sindikupatsani yankho longokutonthozani ngati mwana.

Funso lanuli si lachilendo, ndipo kulifunsa si tchimo. Anthu a Mulungu akhala akumufunsa zomwezi kuyambira kale, ena mosapsatira kuposa inu. Woyamba kundibwerera m'maganizo ndi Mose. Mu Numeri 14 Aisraeli afika pafupi ndi dziko la Kanani. Azondi 12 apita kukaliona kwa masiku 40, ndipo 10 mwa iwo abwera ndi uthenga wofooketsa anthu. Yoswa ndi Kalebe okha ndiwo akuti tiyeni tikalowe. Khamu lonse lilira usiku wonse, liyamba kupangana zosankha mtsogoleri wina woti alibwezere ku Iguputo, mpaka kufuna kuwaponya miyala awiri aja. Mulungu auza Mose kuti awatha anthuwa ndi mliri, ndipo ayambitsa mtundu wina kudzera mwa iye. Tamverani mmene Mose anadandaulira. Sananene kuti anthuwa ndi abwino, pakuti sanali abwino. Anati Aiguputo amva zimenezi ndipo akauza eni dziko lino, kenako mitundu yonse imene inamva mbiri yanu idzati Yehova walephera kuwalowetsa m'dziko limene anawalonjeza, n'chifukwa chake wawaphera m'chipululu. Anali atadandaulapo kale chimodzimodzi pa phiri la Sinai, anthu atapanga mwana wang'ombe wagolide: Aiguputo adzati chiyani? Yoswa nayenso, asilikali ake atathamangitsidwa ku Ai n'kuphedwapo 36, anagwa chafufumimba n'kufunsa Mulungu kuti nanga dzina lanu lalikulu lija muchita nalo chiyani.

Ndiye inde, Mulungu amasamala za dzina lake, ndipo Mose atamukumbutsa anamumvera. Koma taonani chimene Mose anapempha atangotchula za mbiri. Sanapemphe chozizwitsa china choti mitundu igwire pakamwa. Anapempha chikhululuko. Anabwereza mawu amene Mulungu mwini anadzitchula nawo, nthawi ija Mose anapempha kuti aone ulemerero wake ndipo Mulungu anamubisa mumng'alu wa thanthwe n'kudutsa akulengeza dzina lake: wachifundo, wachisomo, wosakwiya msanga, wodzaza ndi chikondi ndi kukhulupirika (Eksodo 33 ndi 34). Munthu anapempha kuona ulemerero, ndipo zimene anamva zinali za chifundo. Ndime imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa imandiwongola maganizo. Ife tikamva mawu oti mbiri timaganiza za kutchuka, za munthu wamkulu amene sangalole kuchititsidwa manyazi pagulu, amene ukamunyoza lero akuonetsa mphamvu zake mawa lisanafike. Mulungu akamati dzina langa amanena za khalidwe lake. Chimene amateteza n'choti anthu asamuganizire kuti ndi wankhanza kapena wosasunga pangano. Zoti munthu wina amuseke kwa kanthawi amazipirira, ndipo amatha kuzipirira nthawi yaitali moti ife timafika potopa.

Chitsanzo chake chowawa ndi cha Yerusalemu. Cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, asilikali a Nebukadinezara anatentha kachisi amene Solomo anamanga, yemwe anali atakhala zaka pafupifupi 400. Ziwiya zopatulika zinakaikidwa m'nyumba ya milungu ya ku Babulo. Masiku amenewo anthu ankaona kuti mtundu ukagonja ndiye kuti mulungu wake wagonjanso, ndipo mneneri Ezekieli, yemwe anali kapolo ku Babulo komweko, analemba zimene mitundu inkanena: anthu a Yehova ndi amenewa, koma achotsedwa m'dziko lake. Mulungu ankadziwa kuti adzanenedwa choncho, komabe analola. Mfumu Koresi inalola Ayuda kubwerera kwawo cha m'ma 538, ndipo kachisi wachiwiri anamalizidwa cha m'ma 516, patatha zaka 70 chiwonongekere woyamba uja. Alipo ambiri amene anabadwira mu ukapolo n'kufera momwemo akumva anansi awo akufunsa funso la achimwene anu lija. Ndipo pamene Mulungu ananena mu Ezekieli 36 kuti tsopano achitapo kanthu chifukwa cha dzina lake loyera, zimene analonjeza zinali kusonkhanitsa anthu obalalika, kuwasambitsa, kuwachotsa mtima wamwala ndi kuwapatsa mtima wofewa. Dzina lake analiyeretsa pochitira chifundo anthu omwewo amene analidetsa.

Tsopano tibwere pa mfundo imene ikukuwawani kwambiri, yoti unali mpata ndipo Mulungu anautaya. Pansi pa mawu amenewa pali chikhulupiriro chakuti mayi anu akanachira, achimwene anu akanagwada. Mwina akanaterodi. Koma zimene Malemba amationetsa pa nkhani ya zozizwitsa zimandichititsa kukayikira. Anthu analira usiku wonse mu Numeri 14 aja ndi omwewo amene anaona miliri 10 ku Iguputo, anawoloka nyanja pouma, ndipo m'mawa wa tsiku lomwe ankafuna kuponya miyala Yoswa ndi Kalebe anali atatola mana. Palibe m'badwo umene unaona zizindikiro zochuluka ngati umenewo, ndipo unathera m'chipululu chifukwa cha kusakhulupirira. Patapita zaka 40, mumzinda wa Yeriko munali Rahabi, mkazi wadama wa mtundu wina, amene sanaonepo chilichonse mwa zimenezo. Anangomva chabe za nyanja ija ndi za mafumu awiri, Sihoni ndi Ogi, ndipo anauza azondi kuti Mulungu wanu ndiye Mulungu wa kumwamba ndi pansi pano.

Yesu ataukitsa Lazaro, yemwe anali atagona m'manda masiku 4, ena anakhulupirira, koma ena anathamangira kukanena kwa Afarisi, ndipo akulu a ansembe anapangana zopha Yesu pamodzi ndi Lazaro yemwe. Tangoganizani, munthu wangotuluka kumene m'manda ndipo anthu akukonza zomubwezera komweko. Akhate 10 anachiritsidwa tsiku limodzi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi. Achimwene anu ndi munthu woganiza, ndipo mayi akanadzuka akanatha kunena kuti mankhwala amene ndinagula aja agwira ntchito, ndipo inu simukanakhala ndi njira yowatsutsira.

N'chifukwa chake zimandikhudza kuona mmene Yesu ankachitira ndi zozizwitsa zake. Atachiritsa wakhate anamuuza kuti asauze munthu. Ataukitsa mwana wa Yairo, mtsikana wa zaka 12, analamula kuti nkhaniyo isamveke, n'kunena kuti mwanayo amupatse chakudya. Munthu wofuna kutchuka sachita zimenezo. Mobwerezabwereza Mauthenga Abwino amanena kuti ankachiritsa chifukwa chogwidwa chifundo. Ndipo pamene Satana anamuika pamwamba pa kachisi n'kumuuza kuti adziponye pansi angelo amuwakhe, chimene chikanakhala chionetsero choti Yerusalemu yense akhulupirire tsiku limodzi, anakana n'kunena kuti kumeneko n'kuyesa Mulungu.

Koma malo amene ndikufuna muime nane kwa kanthawi ndi pa Gologota. Mu Maliko 15, akulu a ansembe ndi alembi aima pansi pa mtanda, ndipo akunena kuti atsike pamtandapo kuti tione, tikhulupirire. Mayi, mawu amenewa akufanana kwambiri ndi pangano limene munapanga pakhonde la wodi lija, kungoti iwo ankanena monyoza pamene inu munkanena mwachikondi. Ngati panali mpata woti Mulungu adzionetse kwa osakhulupirira, unali umenewo. Anthu onse ofunika analipo, anali atalonjeza ndi pakamwa pawo, ndipo amene anapachikidwayo anali Mwana wake. Sanatsike. Kumwamba kunali zii, ndipo Yesu mwini anafuula kufunsa chifukwa chimene Mulungu wamusiyira. Ndiye tamverani zimene Maliko akulemba pambuyo pake. Mkulu wa asilikali achiroma, munthu wachikunja amene ankayang'anira ntchito yopachikayo, ataona mmene Yesu anafera anati zoonadi munthu uyu anali Mwana wa Mulungu. Opempha chizindikiro aja anabwerera kwawo osakhulupirira. Wosakhulupirira amene anatseguka maso tsiku limenelo sanaone chozizwitsa cha kutsika pamtanda, anangoona kafedwe ka munthu. Ngakhale atauka kwa akufa, Yesu sanapite kukagogoda kwa Pilato kapena kwa Kayafa kuti aone okha. Anaonekera kwa Mariya wa ku Magadala amene ankalira kumanda, kwa Petro amene anamukana, ndi kwa Tomasi amene ankakayika.

Mwina wina wakuuzani kale, kapena mtima wanu ukukunong'onezani usiku, kuti chikhulupiriro chanu chinali chochepa. Zimenezo musazilandire. Mu Machitidwe 12, mfumu Herode inapha Yakobo m'bale wake wa Yohane ndi lupanga, kenako inagwira Petro. Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo usiku, maunyolo atagwa okha. Mpingo unali womwewo, mfumu yomweyo, mutu umodzi womwewo wa buku, ndipo onse awiri anali mwa ophunzira atatu amene Yesu ankayenda nawo pafupi kwambiri. Luka sanafotokoze chifukwa chimene wina anapulumukira mnzake n'kufa, ndipo sananene kuti Yakobo anapemphereredwa mopereŵera. Paulo, amene nsalu zokhudza thupi lake zinkachiritsa odwala ku Efeso, analemba yekha kuti Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Iye mwini anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke ndipo sunachoke. Pamene mnzake Epafrodito anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa kenako n'kuchira, Paulo anati Mulungu anamuchitira chifundo. Sananene kuti tinalamula matendawo, kapena kuti linali gawo lathu. Anachitcha chifundo, chinthu chimene munthu amachilandira ndi manja awiri podziwa kuti sanachigule.

Ndipo apa ndi pamene pakulowa mayi wa bedi loyandikana uja. Ndikumvetsa kupweteka kwake. Kumuona akupinda zovala zake, abale ake akumunyamulira chikwama, inu mukunyowetsa milomo ya mayi anu ndi kansalu, si chinthu chapafupi. Anthu a ku Nazareti anamva ululu wamtundu womwewo pamene Yesu anawakumbutsa kuti m'masiku a Eliya, mvula itasiya kugwa zaka zitatu ndi theka, munali akazi amasiye ambiri mu Israeli koma mneneri anatumidwa kwa wamasiye wa ku Zarefati m'dziko la Sidoni, ndiponso kuti m'masiku a Elisa munali akhate ambiri mu Israeli koma wochiritsidwa anali Namani wa ku Siriya. Namaniyo anali mkulu wa asilikali a adani, ndipo m'nyumba mwake munali kamtsikana kachiisraeli kogwidwa kunkhondo. Anthu a m'sunagoge atamva zimenezi anakwiya mpaka kufuna kumuponya Yesu kuphedi. Tonsefe mumtima mwathu timafuna kuti Mulungu azisunga kaundula, kuti opemphera azikhala patsogolo pa mzere. Koma Yesu ananena poyera kuti Atate amawalitsira dzuwa oipa ndi abwino omwe, ndipo ndi okoma mtima ngakhale kwa osayamika. Mayi uja sanalande machiritso a mayi anu. Moyo umene wapatsidwawo ndi nthawi yoonjezera, ndipo Paulo akuti kukoma mtima kwa Mulungu cholinga chake n'kutsogolera munthu kuti atembenuke. Mayi anu anali kale m'manja mwa Ambuye wawo, ndipo khansa sinawachotsemo.

Tsopano ndinene chinthu chovuta, ndipo ndichinena ngati munthu amene anagwapo m'dzenje lomwelo. Pakhonde paja munalonjeza m'malo mwa Mulungu chinthu chimene iye sanakuuzeni. Munachita zimenezo chifukwa chokonda mayi anu ndi achimwene anu, ndipo sindikukudzudzulani. Koma chimene chinagwa tsiku limene mayi anamwalira ndi lonjezo lanu, osati lake. Sadrake, Mesake ndi Abedinego ataima pamaso pa ng'anjo ya moto anauza mfumu kuti Mulungu wathu angathe kutipulumutsa, koma ngakhale asatipulumutse, fano lanulo sitiligwadira. Mawu oti "ngakhale asatero" ambirife timawaopa, timaona ngati ndi kukayika, chonsecho ndi amene amasonyeza kuti tikudalira Mulunguyo osati zotsatira zimene tamukonzera.

Zaka zingapo zapitazo mwana wanga anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Ankapuma mobanika, nthiti zikuchita kulowa m'kati, ndipo anamuika pa makina othandiza kupuma. Msuweni wanga amene sapemphera ndiye anatitengera kuchipatalako usiku, ndipo anali pomwepo dokotala akunena kuti mwachita bwino kubwera naye msanga, achira ameneyu. Mwana anachiradi. Lamulungu lotsatira ndinamuitana msuweni uja kutchalitchi kuti akamve umboni wanga. Nditaima kutsogolo, anthu akuyankha ameni, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu oti madokotala anali atataya kale mtima. Anthu anaimirira, ena analira. Tikutuluka, msuweni wanga anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Koma dokotala uja sananene choncho." Sanaonjezere kanthu. Ndinkaganiza kuti ndikukuza dzina la Mulungu, koma pamaso pa munthu yekhayo amene ndinkafuna kuti akhulupirire ndinalisandutsa dzina loyenda ndi bodza. Chikhalirecho zoona zake zinali zokwanira kale: mwana wanga anali moyo, panapezeka galimoto usiku, panali dokotala wodziwa ntchito, mankhwala analipo. Chonsecho chinali chifundo cha Mulungu, koma ine ndinachiona ngati chachepa.

Yobu anafunsa anzake amene anabwera kudzamutonthoza ngati akufuna kunenera Mulungu zabodza, ndipo pamapeto pa bukulo Mulungu anakwiyira anzakewo, amene ankaoneka ngati akumuteteza, osati Yobu amene ankadandaula. Paulo naye anauza anthu opembedza kuti dzina la Mulungu likunyozedwa pakati pa mitundu chifukwa cha iwo. Ndikaona zimene zimaipitsa mbiri ya Mulungu masiku ano, sindiona maliro a anthu okhulupirira. Ndimaona zozizwitsa zopanga. Mu 1986 ku America, mlaliki wina wotchuka dzina lake Peter Popoff ankatchula mayina, matenda ndi maadiresi a anthu pamisonkhano yake ngati kuti akuuzidwa ndi Mzimu. James Randi, wofufuza zachinyengo, ndi anzake anatulukira kuti m'khutu mwake munali kachipangizo kolandira mawu, ndipo mkazi wake ndiye ankamuwerengera zimene anthuwo analemba okha pamakhadi polowa. Nkhaniyo inaonetsedwa pa TV dziko lonse likuona. Zoterezi sizinathere komweko. Odwala amauzidwa kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, akamwalira mlandu n'kukhala wawo. Gehazi, wantchito wa Elisa, anayamba kalekale, pamene anathamangira Namani kukatenga siliva ndi zovala zimene Elisa anakana, n'kusandutsa chifundo chaulere kukhala malonda.

Musandimve molakwa, ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachita zozizwitsa mpaka lero, ndipo ndikadwala ndimafuna anthu andipempherere kuti ndichire. Koma chozizwitsa chenicheni sichiopa kufufuzidwa. Yesu anatuma wakhate uja kuti akadzionetse kwa wansembe, amene ntchito yake inali kutsimikizira ngati khate lathadi. Ku Lourdes m'dziko la France, kumene odwala akhala akupita kuyambira 1858, kunakhazikitsidwa ofesi ya madokotala mu 1883 yoti izifufuza anthu onena kuti achira. Mwa nkhani pafupifupi 7,000 zimene zafika kumeneko, zimene Mpingo wa Katolika wavomereza kuti ndi zozizwitsa zangopitirira pang'ono 70. Kaya ndinu Mkatolika kaya ayi, kusamala koteroko n'koyenera ulemu, chifukwa kumachokera pa kuopa kunamizira Mulungu.

Nanga chimene chakhala chikugwira mtima anthu osakhulupirira n'chiyani? Cha m'ma 250 Yesu atabadwa, mliri woopsa unakantha madera a ufumu wa Roma kwa zaka zambiri. Dionysius, bishopu wa ku Alexandria, analemba kuti anthu ambiri ankathawa abale awo akangoyamba kudwala, ena n'kuwataya m'misewu asanatsirizike, pamene Akhristu ambiri ankatsala n'kumasamalira odwala, ndipo ochuluka anatenga matendawo n'kufa nawo. Sanatetezedwe mozizwitsa, anafa ngati wina aliyense. Patapita zaka pafupifupi 100, mfumu Julian, imene inasiya Chikhristu n'kuyesetsa kubwezeretsa milungu yakale ya Aroma, inalembera wansembe wamkulu wa milunguyo ku Galatiya mu 362 modandaula kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi athu omwe, ndipo inalamula kuti nawonso ayambe kumanga nyumba zosungira alendo ndi ovutika. Mdani wa mpingo sanadandaule za zizindikiro ndi zodabwitsa, chimene chinamusowetsa mtendere chinali chifundo. Chimodzimodzinso wansembe Damien wa ku Belgium, amene mu 1873 anapita kukakhala ndi akhate amene anatayidwa pachilumba cha Molokai ku Hawaii. Ankamanga zilonda, kukhoma mabokosi ndi kukumba manda. Anatenga khate n'kumwalira nalo mu 1889. Palibe amene anachiritsidwa ndi dzanja lake pachilumbapo, koma dzina lake limalemekezedwa ngakhale ndi anthu amene salowa m'tchalitchi.

Mayi, achimwene anu anakuonani miyezi 8. Anaona mukuwatembenuza mayi pabedi, mukuwasambitsa, mukusintha nsalu pakati pa usiku, diripi ikatha mukuthamangira kukaitana anamwino. Anaonanso mmene mayi awo anayendera ulendo wawo womaliza. Zimenezo sizifufutika, ndipo mkulu wa asilikali uja anakhudzidwa ndi zinthu za mtundu womwewo. Komanso musaiwale kuti iwo ndi amene ankagula mankhwala mwezi ndi mwezi. Chifundo cha Mulungu chinafika pabedi la mayi anu kudzera m'thumba la munthu amene amati kulibe Mulungu, ndipo n'koyenera kuti muwathokoze ndi pakamwa panu.

Ndaganiziranso za mmene anafunsira. Mwalemba kuti anafunsa chapansipansi, patapita masiku. Munthu wofuna kukusekani akanafunsa tsiku lomwelo, anthu akumva. Ine ndikuona mwana amene wataya mayi ake, amene mwina mumtima mwake ankafunitsitsa kuti mawu anu aja akhale oona. Funso loti Mulungu wako ali kuti lili m'Masalimo, ndipo mu Salimo 42 wolembayo akulimva usana ndi usiku misozi ili chakudya chake. Limatuluka pakamwa pa onyoza, koma limatulukanso mumtima wosweka. Marita ndi Mariya, alongo ake a Lazaro, aliyense payekha, anamuuza Yesu kuti mukanakhala kuno mlongo wathu sakanafa, ndipo Yesu sanawakalipire. Anafunsa kumene anamuika, n'kulira nawo.

Ndiye pitani mukawaone, osanyamula mavesi oti mukawagonjetse nawo. Mukakhale nawo pansi n'kuwauza zoona: "Achimwene, pakhonde paja ndinalankhula zimene Mulungu sanandiuze. Ndinkaopa kutaya amayi, ndipo ndinkafunitsitsa kuti inu mukhulupirire. Pepani. Ine ndikumukhulupirirabe, ndipo ndikuyembekeza kuti amayi ndidzawaonanso, koma nanenso ndikulira ngati inu." Akakhala chete, musadzaze mpatawo ndi ulaliki. Akakwiya, alekeni akwiye. Afunseni zimene akukumbukira za mayi, ndipo muwauze zimene mayi ankanena za iwo usiku pamene inu nokha munali maso. Mukalankhula nawo mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti zayenda bwanji.